KU ZANZIBAR NDINAONA MIYALA YAMOYO

Wolemba Mtolankhani Wathu

Ife a dziko lino la Zambia tiri ndi mitsinje ndi nyanja zathu, koma nyanja yamcere tiribe, ndipo ambiri a ife tidzakalamba osalawa madzi ake. Cifukwa ca ici, pamene akulu a nyuzipepala ino anandituma ku Tanzania kukaona za m'mbali mwa nyanja ya India, agogo anga ku mudzi anandipatsa botolo lopanda kanthu, nati ndikawatungireko pang'ono kuti akhulupirire kuti kuli madzi oyera mbee koma osamweka. Botololo ndabwera nalo. Koma nkhani imene ndakutengerani inu awerengi ndi ya mwala umene udya, ukula, udwala ndi kufa, ndiponso ya nambala ina imene alimi ena a kuno anaimva kale kwa alangizi a zamalimidwe.

ULENDO WA KU GOMBE

Ndinakwera basi mu Lusaka. Tinapitirira Kabwe, Kapiri Mposhi, Serenje ndi Mpika, ndipo tsiku lotsatira tinali pa malire a Nakonde, pamene tsidya lake pali Tunduma. Kucokera ku Kapiri njanji ya TAZARA inali kutiperekeza, kwina kuonekera, kwina kubisala m'thengo. Njanji imeneyi, yotalika makilomita 1,860, inamangidwa ndi thandizo la dziko la China kuyambira mu 1970 kufikira mu 1975, kuti dziko lathu likhale ndi njira yakeyake yofikira ku nyanja. Cakufupi ndi mseu womwewo kudzera paipi ya mafuta ya TAZAMA, imene inayamba nchito mu 1968, yocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola.

M'dziko la Tanzania mseu ukwera mapiri ozizira a Mbeya ndi Iringa, kenaka utsika nudutsa pakati pa nkhalango ya nyama ya Mikumi, kumene tinaona mbidzi ndi anyamalikiti ziri kudya osasamala za magalimoto. Titapitirira Morogoro mpweya unayamba kulemera, thukuta linali kamu-kamu, ndipo mitengo ya kokonati inayamba kucuruka. Pamenepo ndinadziwa kuti gombe layandikira.

Pa doko la Dar es Salaam ndinalowa m'combo copita ku cisumbu ca Unguja, cimene ambiri angocicha kuti Zanzibar. Ulendo wake ndi wa maola awiri. Ine amene madzi akulu ndinawadziwira pa mlatho wa Luangwa ndinakhala duu, nditagwiritsa mpando ndi manja onse awiri, pamene ana a kumeneko anali kuthamangitsana m'combomo ngati ali pa bwalo la kwao.

MUDZI WOMANGIDWA NDI ZA M'NYANJA

Mzinda wakale wa Zanzibar eni ake aucha Mji Mkongwe, ndipo pa Cingerezi ati Stone Town, ndiko kunena kuti mudzi wa miyala. Tinjira take n'topanikiza kotero kuti galimoto siingalowemo. Nyumba zake n'zosanjikizana, za zitseko zosemedwa mwaluso ndi kukhomedwa misomali ikulu-ikulu ya mkuwa. Mu 2000 bungwe la UNESCO linalemba mzindawu pa mndandanda wa malo a cuma ca dziko lonse lapansi.

Pa nyumba ina imene cipupa cake cinali citakakatuka ndinatola kamwala. Kanali kopepuka, kotuwa, kodzala ndi timaenje tondandalikana bwino monga cisa ca njuci. Mnyamata amene anali kundionetsa malo anaseka nati, "Uwu si mwala wa ku phiri, akulu. Ife timati matumbawe. Unamera m'nyanja." Azungu aucha korali. Amisiri akale anali kuusema kukhala njerwa, ndipo wina anali kuuocha pa moto kuti apeze njereza yomatira ndi kupakira zipupa. Motero mzinda wonse unaturuka m'madzi.

Ndi mwala womwewu anamangira chalichi cacikuru ca Anglican, cimene cinayambidwa mu 1873 pamalo pamene panali msika wa akapolo, caka comwe msikawo unatsekedwa. Ambiri a iwo amene anagulitsidwa pamenepo anacokera ku maiko a kufupi ndi nyanja ya Malawi, ndipo ena a iwo anali kulankhula cinenero comwe muli kuwerengaci. M'kati mwa chalichico muli mtanda waung'ono wosemedwa ku mtengo umene patsinde pake anakwirira mtima wa David Livingstone kwa Chitambo, kuno kwathu, mu 1873. Ndinaima pamenepo kanthawi, mtengo wa ku Zambia uli pa cipupa ca mwala wa m'nyanja.

Poturuka ndinafunsa mnzanga uja kuti mwala umera bwanji. Iye anati yankho lake aliribe, koma adziwa mkulu wina amene aweta miyala yotere m'nyumba mwake.

KWA MWALIMU

Mkuluyo anali mphunzitsi wa sayansi wopuma pa nchito, ndipo onse a m'dera lake angomucha Mwalimu. Ndinabvula nsapato pakhomo monga mwa mwambo wao, ndi kupereka moni wa kwa akulu, "Shikamoo." Iwo anayankha, "Marahaba," nandilowetsa.

M'cipinda cocerezamo munali thanki yagalasi, yotalika ngati kama wa mwana, ya madzi okwana malita 300. Pamwamba pake panali nyale zowala mobiriwira ngati thambo, ndipo kapampu kanali kuyendetsa madzi usana ndi usiku. M'katimo munali munda umene maso anga anali asanauonepo. Zina zinali za nthambi ngati nyanga za mphalapala, zina zathyathyathya ngati bowa, cina cobulungira ngati dzungu, ca mizere yokhotakhota. Mitundu yake inali yofiira, yacikasu, yobiriwira ndi yodera. Tinsomba tiwiri tofiirira ta mizere yoyera tinali kulowa ndi kuturuka pakati pake. Mwalimu anafulumira kundiuza kuti sanathyole kanthu m'nyanja. Zonse zinayamba ngati tizidutswa tocepa ngati cala, topatsidwa ndi oweta anzao, monga mmene ife tigawirana mbeu ya cinangwa.

"Mwana wanga," iwo anatero, "kwanu kuli ciswe?"

Ndinati ciripo, ndipo zulu zake zina ziposa nyumba.

"Basi, wamva kale theka la nkhani. Korali ndi culu ca m'madzi."

Anandipatsa galasi lokulitsa zinthu. Pa nthambi iriyonse panali tinyama tambirimbiri tofewa, kalikonse kocepa ngati njere ya mapira, kokhala ndi kamwa pakati ndi timanja tozungulira. Kanyama kameneka katenga zinthu ziwiri zosungunuka m'madzi a m'nyanja, kashiamu ndi kaboneti, kaziphatikiza, nikaumba pansi pake kacikho ka mwala wa laimu. Ndi cinthu comwe cipanga cikamba ca nkhono ndi cigoba ca dzira. Kanyamako kakabala, ana ake amanga pamwamba pa nyumba ya makolo. Moyo uli pa khungu pokha, pansi ponse ndi mwala wa mibadwo yakale.

M'thupi mwa tinyamati mukhala ndere zazing'ono zosaoneka ndi maso. Nderezo zipanga cakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga acitira masamba a cimanga, ndipo gawo lalikuru zipatsa mwini nyumba. Ndizonso zipatsa korali mtundu wake. Ici ndico cifukwa cake matanthwe a korali apezeka m'madzi osaya, oyera ndi ofunda, momwe dzuwa lifika.

Kakulidwe kake nkofuna kudekha, monga kuona maso a nkhono. Korali wa nthambi akhoza kutalika masentimita 10 pa caka. Wobulungira uja aonjeza sentimita imodzi cabe. Tsono mukaona wofika msinkhu wa munthu, dziwani kuti anayamba kumanga zaka zoposa 150 zapitazo.

NAMBALA YA NDIMU NDI CIDULO

Pambali pa thanki panali buku lokhuthala, lodzala ndi manambala. Tsiku liri lonse linali ndi mizere iwiri, wa m'mawa ndi wa madzulo, ndipo pamwamba panalembedwa malembo awiri, pH. Ndinaulula kuti malembowo ndinawasiya ku sekondale.

Mwalimu anandifunsa zimene amai a kwathu athira ku therere kuti lifewe. Ndinati cidulo, madzi oceza m'phulusa. Anandifunsanso zinthu zowawasa zimene tidya. Ndinachula ndimu, bwemba, malambe ndi thobwa logonetsa. Iwo anati zinthu zonse zamadzi ziri pa mzere umodzi. Ku mbali imodzi kuli zowawasa, zimene asayansi ati ziri ndi asidi. Ku mbali inayo kuli za mtundu wa cidulo, soda ndi sopo. Muyeso wa pH ungonena pamene cinthu caima pa mzerewo. Uyambira pa 0 kufika pa 14. Madzi eni-eni osasakaniza ali pakati, pa 7. Madzi a ndimu ali cakufupi ndi 2, cidulo caukali cipitirira 10, ndipo madzi a m'nyanja yamcere ali pa 8.1, ndiko kuti apendekera pang'ono ku mbali ya cidulo.

Muyeso umenewu anauyamba ndi Søren Sørensen wa ku Denmark mu 1909, pogwira nchito m'nyumba yofufuzira ya ofulula mowa a Carlsberg mu mzinda wa Copenhagen. Koma uli ndi msampha wake. Kutsika ndi nambala imodzi, monga kucoka pa 8 kufika pa 7, ndiko kuti asidi wacuruka kakhumi. Motero kusintha kumene kuoneka kocepa pa pepala nkwakukuru m'madzi.

Kuti ndione ndi maso, Mwalimu anatenga kamwala kanga ka pa cipupa kaja, nakafinyira ndimu. Pomwepo panabuka thobvu, ndipo ndinamva kulira kwake, shii! Asidi anali kudya mwalawo. Kenaka anatunga madzi a m'thanki m'kabotolo, nadonthezeramo mankhwala oyesera, nandipatsa kabango kuti ndiuziremo mpweya wa m'kamwa mwanga. Ndisanatope n'komwe, mtundu wa madziwo unasintha. Anaulinganiza ndi pepala la mitundu, ndipo nambala inali itatsika.

"Waona?" anatero. "Mpweya umene tipuma poturutsa, umenenso uturuka m'moto wa nkhuni, makala, malasha ndi mafuta, ndiwo kaboni dayokisaidi. Ukalowa m'madzi usanduka asidi wofooka. Asidi ameneyu sangakuoche cala, koma alanda kaboneti, zimene ziri njerwa za korali. Mmisiri wosowa njerwa amanga mocedwa, ndipo cipupa cake cikhala copyapyala."

M'bukumo nambala ya m'mawa inali kawiri-kawiri 8.0, ya madzulo 8.3. Anati usana ndere zija zimwa mpweyawo pamene ziri kupanga cakudya, ndipo pH ikwera. Usiku zonse za m'thanki zingopuma, mpweya uunjikana, ndipo pH itsika. Oweta korali ayesetsa kuti nambala ikhale pakati pa 8.1 ndi 8.3, ndipo ikatsikira kunsi kwa 7.8 mtima sukhala m'malo. Kuonjezera apo asamala kuti kufunda kwa madzi kukhale madigiri 25 kapena 26, mcere magalamu 35 pa lita imodzi, ndi kashiamu cakufupi ndi mamiligalamu 420 pa lita.

SABATA LA UKWATI

Potsegula-tsegula bukulo ndinafika pa tsamba lolembedwa ndi inki yofiira. Masiku asanu ndi limodzi otsatana nambala ya m'mawa inali 7.8, ndipo tsiku lina 7.7. Ndinafunsa cimene cinacitika.

Mwalimu anaseka, naitana akazi ao kuti adzamve. Linali sabata la ukwati wa mwana wao wamkazi, m'nyengo ya mvula yaikuru imene kumeneko igwa kuyambira Marici kufika Mei. Abale anadzala nyumba, ena kugona m'cipinda comwe ca thanki. Mazenera anatsekedwa cifukwa ca mvula ndi udzudzu, ndipo moto wophikira sunazime. Panalibe amene anakhudza thanki kapena kutayiramo kanthu. Mpweya wa anthu okondwa ndiwo unalowa m'madzi.

"Korali sanafe," iwo anatero, "koma analeka nchito. Ndinadziwa cifukwa zomangira zimene ndithira m'madzi sizinali kutha monga mwa masiku onse. Amisiri anga anali atakhala pansi."

Amai a m'nyumbamo anayankha kuti pa ukwati wonsewo munthu mmodzi yekha ndiye anali ndi nkhope ya maliro, ndiye atate a mkwatibwi, ndipo alendo anayesa kuti ali kulira mwana wao.

Mankhwala ake anali awiri. Coyamba, alendo atapita anatsegula mazenera onse kuti mphepo ya ku nyanja ipite m'nyumba. Caciwiri, anathira madzi a laimu. Atenga laimu woyera bwino, wa mtundu wa njereza, supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri, nasungunula m'malita anai a madzi opanda mcere. Madzi otere pH yao ipitirira 12. Akadikha, awadontheza m'thanki usiku, dontho limodzi-limodzi. Anandicenjeza kuti wothira onse nthawi imodzi aononga zonse, pakuti korali adana ndi kusintha kwadzidzidzi koposa mmene adanira ndi nambala yotsika. Patapita masabata awiri nsonga za nthambi zinayambanso kuonetsa kuyera kwa mwala watsopano.

NYUMBA YOPANDA ZENERA

Apa nkhope ya Mwalimu inasintha. Anati cimene cinacitika m'nyumba mwao sabata limodzi ciri kucitika ku nyanja yonse kwa zaka zoposa 200. Mafakitale asanayambe ku Ulaya, mwa magawo miliyoni imodzi a mpweya wa m'mlengalenga, 280 anali kaboni dayokisaidi. Pofika mu 2024 anali atapitirira 420. Nyanja imeza cakufupi ndi gawo limodzi mwa magawo anai a mpweya wotere umene anthu aturutsa. Motero pH ya madzi a pamwamba pa nyanja yatsika kucoka pa 8.2 kufika pa 8.1. Wosadziwa angati palibe kanthu, koma cifukwa ca msampha uja, asidi waonjezeka ndi magawo a pakati pa 25 ndi 30 mwa 100. Madziwo sanafike powawasa ai, akali ku mbali ya cidulo, koma ali kusendera. Akatswiri acenjeza kuti utsi ukapitirira kucuruka, pofika mu 2100 nambalayo ingafike cakufupi ndi 7.8.

Ndinayang'ananso tsamba la inki yofiira lija. Nambala inali yomweyo.

Ndinafunsa ngati maiko sangathire laimu m'nyanja monga iwo acitira m'thanki. Mwalimu anandionetsa supuni yao, nandilozera pa zenera kumene madzi anali kunyezimira kufikira kumene maso alekeza. Anati, "Supuni ya nyanja iyo ikasulidwa kuti? Ndipo zenera lake tikatsegulira kuti? Kunja kwa dziko kulibe bwalo lina. Njira ndi imodzi, kucepetsa utsi."

Ndinakumbukira paipi ya mafuta ija imene inandiperekeza pa ulendo, ndi matumba a makala amene ndinaona atandandalikidwa m'mbali mwa mseu kucokera ku Kapiri kufika ku Mpika. Kunena zoona, mlandu waukuru suli pa ife. Afrika yense aturutsa magawo osapitirira 4 mwa 100 a utsi wa malasha ndi mafuta wa dziko lapansi. Koma mpweya sudziwa malire a Nakonde, ndipo zotsatira zake zigwera onse, makamaka osauka.

PA CISUMBU CA CHUMBE

M'mawa mwake ndinapita kukaona munda weni-weni. Chumbe ndi kacisumbu ka kumwera cakumadzulo kwa mzinda wa Zanzibar, ulendo wa pa boti wosakwana ola limodzi. Cisumbu conseco ndi mwala wa korali wakale, ndipo pamwamba pake pamera nkhalango yowirira ngakhale dothi liri locepa. Pali nsanja ya nyale younikira zombo yomangidwa mu 1904. Mu 1994 boma la Zanzibar linalamula kuti matanthwe a kumadzulo kwa cisumbuci akhale otetezedwa, osaphamo nsomba. Muli mitundu ya korali wolimba yokwana ngati 200, ndipo ana a sukulu amatengedwa kudzaphunzira kumeneko.

Kusambira sindidziwa. Anandibveka cobvala coyandamitsa ndi galasi la kumaso lokhala ndi kapaipi kopumira, ndipo mlonda wa pamalopo anandikoka ndi gudumu loyandama monga akokera mbuzi yokana kupita ku dibi. Nditaviika nkhope m'madzi mantha anatha. Thanki ya Mwalimu inali ngati dimba la kuseri kwa nyumba, ndipo uwu unali munda wa mfumu. Panali zulu za korali zoposa nkhokwe, ndi nthambi zoyalana ngati denga. Nsomba zinali zosawerengeka, zina zobiriwira za milomo ngati ya mbalame, zimene ndinali kuzimva kukukuta mwala, kheche-kheche. Mlondayo anandiuza pambuyo pake kuti mwala umene nsombazo zikukuta uturuka m'mimba mwao uli mcenga woyera, womwe alendo aukonda pa gombe.

Anthu a kumeneko saona matanthwewa ngati cokongola cabe. Matanthwe a korali sakwana ngakhale gawo limodzi mwa 100 a pansi pa nyanja, koma cakufupi ndi gawo limodzi mwa anai a mitundu ya zamoyo za m'nyanja lidalira iwo. Ndimo nsomba ziswanirana ndi kubisala. Ndiwo aswa mphamvu ya mafunde asanafike ku midzi. Kwa msodzi wa ku Unguja, thanthwe ndilo munda, nkhokwe ndi mpanda.

Mlondayo anali kale msodzi. Anati mdani amene aoneka ndi maso ndiye kutentha. Madzi akafunda ndi digiri imodzi yokha kuposa mmene afundira m'nyengo yotentha, nakhala cotero masabata angapo, korali apitikitsa ndere zake nayera ngati fupa. Madzi akazizira msanga, ndere zibwerera ndipo acira. Akacedwa, afa ndi njala. Mu 1998 mliri wotere unakantha kwambiri nyanja ya India, ndipo akatswiri anawerengera kuti dziko lapansi linataya magawo ngati 16 mwa 100 a korali wake. Unabweranso mu 2010, ndiponso kuyambira mu 2014 kufika mu 2017. Mu Epulo 2024 bungwe la ku Amerika loona za nyanja ndi nyengo, la NOAA, linalengeza kuti wabwera kacinai.

Pomva caka cimeneco mtima wanga unagunda. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, citaononga mahekitala ngati miliyoni imodzi a cimanga. Nyengo ya El Niño imene inaumitsa minda yathu ndi kuphwetsa Kariba inali yomweyo imene inathandiza kufunditsa madzi a nyanja. Pamene ife tinali kuyang'ana cimanga ciri kufota, asodzi a maiko ambiri anali kuyang'ana korali ali kuyera.

Kutentha ndi asidi ndi ana a mai mmodzi, pakuti mpweya womwe ufunditsa dziko ndiwo utsitsa pH ya nyanja. Kutentha kugwetsa korali, ndipo asidi amcedwetsa kudzuka. Mu 2018 akatswiri a zanyengo a bungwe la United Nations anati dziko likafunda ndi madigiri 1.5 kuposa kale, magawo 70 kufika 90 mwa 100 a matanthwe a korali angathe kuonongeka.

KUBWERERA KU MUDZI

Potsazikana, Mwalimu anandifunsa zimene tilima kwathu. Nditachula cimanga ndi nshawa, anati, "Tsono nkhani iyi si yacilendo kwa inu. Nthaka nayo iri ndi pH yake."

Ananena zoona. Alangizi a zamalimidwe akhala ali kutiuza kuti nthaka imasasa, makamaka ku zigawo za mvula yambiri za kumpoto, ndiponso m'minda yothiridwa fataleza wa mtundu wa urea caka ndi caka. Nambala ikatsikira kunsi kwa 5.5, mizu ya cimanga siyenda bwino, ndipo fataleza amene mwagula ndi ndalama zobvuta sagwira nchito yake yonse. Nshawa nazo zikasowa kashiamu zibala makoko opanda kanthu. Amai amene aona kuti maungu akondwa pamene panatayidwa phulusa aona nchito ya pH, ngakhale dzina lake salidziwa. Mankhwala a nthaka yosasa ndi laimu wa m'munda, mwala wopera. Akatswiri a miyala anena kuti miyala ya laimu ya ku Lusaka ndi ku Ndola inaundana pansi pa nyanja ya makedzana, korali asanakhaleko n'komwe. Motero ngakhale ife a kumtunda tiponda pa mphatso ya nyanja.

Pa cinthu ici mlimi ali ndi mwai woposa wa msodzi. Munda uli ndi malire, ndipo mwini ali ndi supuni yake. Koma atsate cenjezo la Mwalimu: kuyesa coyamba, kuthira pambuyo, ndipo mwa muyeso. Nthaka iyesedwa ku malo ofufuzira za ulimi monga Mount Makulu ku Chilanga, ndipo mlangizi wa m'dera lanu adziwa katengedwe ka dothi ndi kumene lingatumizidwe.

Nditafika ku mudzi ndinapereka botolo lija kwa agogo. Anthu anasonkhana. Agogo anaviika cala, nalawa, nalabvula, nati anthu a kumeneko ngopirira. Ndinawafotokozera za ciswe ca m'madzi, za ukwati ndi za buku la inki yofiira. Anamvetsera osanena kanthu. Pomariza anandilozera munda wao wa kumunsi kwa culu, umene kwa zaka zinai wakhala uli kubala nshawa zopepuka ngakhale mvula igwe bwino, nati, "Nanga uwo, nambala yake ndi ciani?"

Sindinathe kuwayankha. M'mawa mwake tinatenga khasu ndi kathumba, ndi kutapa dothi m'malo khumi a mundawo monga anatilangizira alangizi. Dothilo lapita kukayesedwa, ndipo agogo ali kuyembekeza yankho mvula isanagwe.